Mtima Wabwino Wokha Sulera Mwana wa Mlendo

Ana anga, khalani pansi ndikuuzeni.

Ndikumva kuti ambiri a inu mukangolemba mayeso a Fomu 4 mukumaloza ku Dowa, kukafuna ntchito yolera ana a anthu othawa kwawo. Ena mwatumidwa ndi mpingo. Ena mwamva kuti mabungwe amapereka kangachepe ka sopo. Ena chisoni chokha ndicho chakugwirani. Sindikukuletsani, pitani ndithu. Koma musapite mukudziguguda pachifuwa kuti ine ndimakonda ana. Ana aliyense amawakonda. Kulera ndi ntchito, ndipo ntchito amachita kuphunzira. Ndibwerezenso: amachita kuphunzira.

Dziwani kaye kumene mukupitako. Msasa wa Dzaleka unatsegulidwa mu 1994, pamalo pamene kale panali ndende ya akaidi andale. Anaukonzera anthu pafupifupi 12,000. Lero mukukhala oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Somalia ndi Ethiopia. Mu May 2023 apolisi ndi asilikali anasonkhanitsa othawa kwawo amene ankakhala m'matauni n'kuwabwezera kumsasa komweko, kothinana kale, ana ali kumsana. Pakati pa anthu onsewo pali khamu la amene akudikirabe kuti boma liwayankhe ngati lawalandira kapena ayi. Kudikirako kumatha zaka. Koma mwana sadikira mapepala. Mano amamera, miyendo imalimba, ubongo umakula kapena kupinimbira, kalata ibwere kaya isabwere.

Mayi wa mwanayo amalawira kukaima pamzere wamadzi. Akachoka apo akasake ganyu, kapena akayale tomato pamsika wa Lachiwiri, poti thandizo la chakudya lakhala likudulidwa. Mwana amusiyira ndani? Kwawo akanamusiyira agogo ake, azakhali ake, mlamu wake. Kuno agogo kulibe. Ena anatsala kunkhondo, ena anafera m'njira. Kuli mabungwe monga JRS amene akhala akuyendetsa sukulu kumeneko kwa zaka zambiri, koma ana ndi ochuluka kuposa malo. Ndiye agogowo ndi inuyo, mtsikana wa zaka 19, mnyamata amene ndevu zangoyamba kumera. Katundu ameneyo ndi wolemera kuposa mmene mukuganizira.

Ine ndinamusenza ndili wamsinkhu wanu, ndipo ndinamugwetsa.

Inali nthawi imene abale athu a ku Mozambique ankathawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Anafika oposa 1 miliyoni m'dziko muno, mpaka ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Anandipatsa chisakasa chaudzu, mphika wa phala ndi ana osawerengeka. Wondiphunzitsa panalibe, nanenso sindinafunse. Ndinkati azing'ono anga onse ndabereka ndine, chachilendo n'chiyani? Safunsa anadya phula.

Phokoso ndinkadana nalo. Ndinali ndi kachikwapu kanga, ndipo mwana akalira ndinkati, "Khala chete, asilikali abwera adzakutenge." Tamvani mawu amenewo. Ndinkawanena kwa ana amene asilikali anawaotchera nyumba akuona. Ankangoti zii nthawi yomweyo, ine n'kumadziona ngati katswiri.

Panali kamnyamata kena ka chaka chimodzi ndi miyezi. Sikankalira. Sikankalanda cha mnzake. Pamene ndakakhazika m'mawa, ndinkakapeza pomwepo masana. Ndinkakatama kwa amayi ena kuti mwana ndi uyu, wosavuta, osati anuwa. Tsiku lina kanayamba kutsekula m'mimba. Ndinakapukuta, ndinakagoneka pamphasa pakona, ndinapitiriza kugawa phala. Poti sikankalira, ndinati kali bwino. Madzi sindinakapatse, chifukwa kwathu ankati wotsekula ukamumwetsa ndiye ukuwonjezera. Madzulo mayi ake atabwera anakanyamula, n'kutsina khungu la pamimba. Khungulo linangotsala chiimire. Maso anali atalowa, liwombo litalowa. Anathamanga nako, koma sikanaone m'mawa.

Mayiyo sananditukwane. Bola akanatukwana. Anangondiyang'ana, n'kutenga kansalu ka mwana wake kamene kanatsala pamphasa. Sabata yotsatira chisakasa changa chinali pululu. Amayi anayamba kutsekera ana m'nyumba popita kunkhuni, ena kuwasiyira atsikana a zaka zisanu ndi chimodzi. Choncho kusadziwa kwanga sikunaphe mmodzi yekha, kunaikanso ena ambiri pangozi. Nditabereka wanga woyamba sindinkagona. Akagona tulo tabwino ndinkamudzutsa dala kuti ndimve kulira kwake. Lero ndine agogo, koma mwana wachete amandinjenjemeretsabe.

Chimene chikanapulumutsa kamnyamata kaja munthu angachiphunzire m'mawa umodzi. Ndicho chimandiwawa. Mwana wotsekula m'mimba amafa ndi kutha kwa madzi m'thupi. Mumwetseni. Paketi ya Thanzi ORS musungunule mu lita imodzi ya madzi aukhondo, muzimupatsa pang'onopang'ono ndi supuni, akasanza mudikire kanthawi n'kuyambiranso. Ngati ndi woyamwa, itanitsani mayi ake ayamwitse. Kuchipatala akamupatsanso mapiritsi a zinki a masiku 10 mpaka 14. Ndipo pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo mayi kuti abwere kumsika: mwana akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akalefuka osadzuka bwinobwino, akamapuma mothamanga nthiti zikulowa m'kati, akatupa mapazi onse awiri. Mukaona chimodzi mwa izi, berekani, thamangani. Musayambe mwapemphera, mupemphere mukuthamanga. Phunzirani kugwiritsa ntchito kalamba koyezera mkono. Kakaloza pofiira, mwanayo wanyentchera kwambiri, akufunika chiponde cha kuchipatala lero lomwe. Funsani makhadi a kusikelo, muone amene wadumpha katemera. Pakhomo pa chimbudzi pakhale mpondagiya ndi sopo, kapena phulusa. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo pamene anthu athinana ndi pamene amathamanga.

Werenganinso ana amene mwalandira. Muli ndi msana umodzi ndi manja awiri. Ana oyenda okha mungathe kuwasonkhanitsa ambiri, koma makanda ayi. Mayi akabwera akulira kuti mulandire wakenso, mtima umafewa, ndikudziwa. Funani mlezi wina kaye. Kuvomera khanda limene simudzatha kulinyamula si chifundo.

Tsopano za mwana wachete, poti apa ndi pamene ambiri mudzapunthwe ngati ine. Patapita zaka, nditakhala pansi kuphunzira ntchitoyi bwinobwino, aphunzitsi athu anatifotokozera za ku Romania. Ulamuliro wa Ceaușescu utagwa mu 1989, anthu analowa m'nyumba zosungira ana amasiye n'kupeza zipinda zodzaza makanda, koma zili zii. Makandawo anali atasiya kulira chifukwa anaona kuti kulira sikubweretsa munthu. Amene anawatenga n'kuwapereka kumabanja asanakwane zaka ziwiri anachira bwino kuposa amene anachedwa. Nditamva zimenezo ndinatuluka panja.

Mwana wa othawa nkhondo sanena kuti ndinaona zakuti. Alibe mawu ake. Thupi ndi limene limanena. Wina amakodza pogona pamene anali atasiya. Wina amaluma anzake. Wina njinga yamoto ikaphulika panja amalowa pansi pa benchi. Wina amabisa phala m'malaya. Wina amakakamira mwendo wanu tsiku lonse. Wina amangoti duu, kuyang'ana khoma. Wosaphunzira amati uyu ndi wamwano, uyu ndi wakuba, uyu ndi wofatsa. Wophunzira amadziwa kuti onsewa akulira, aliyense m'njira yake. Woluma mumugwire dzanja, mumuletse ndi mawu otsika, mumukhazike pafupi nanu. Wachete mumutsatire. Khalani naye pansi, maso anu alingane ndi ake. Akaloza kanthu, katchuleni dzina. Akatulutsa kamawu, muyankheni. Mwina mudzatha mwezi osaona kusintha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chikwapu tayani. Tayani ndithu. Musaopseze mwana ndi msilikali, wapolisi, jakisoni kapena galu. Musanene ngakhale mwanthabwala kuti tikubweza kwanu. Ndipo tsiku lanu liziyenda mofanana: nyimbo yomweyo polandirana, kusamba m'manja, phala nthawi yomweyo, kugona nthawi yomweyo, mayi kubwera nthawi imene analonjeza. Inu zidzakutopetsani. Koma mwana amene moyo wake wonse wakhala wodzidzimutsidwa amapeza mpumulo akadziwa chimene chikubwera.

Kenako chilankhulo. Ku Dzaleka mudzamva Chiswahili, Chirundi, Chinyarwanda, Chifalansa, Chilingala, Chisomali. Mudzafuna kunena kuti pano tili ku Malawi, aliyense alankhule Chichewa. Musatero. Chichewa adzachidziwa yekha pamasewera, mwinanso adzakuposani. Koma mwana wa zaka ziwiri akamva ludzu amapempha m'chilankhulo cha mayi ake, ndipo mukapanda kumva, amasiya kupempha. Phunzirani mawu ochepa a chilankhulo chilichonse chimene chili m'chipinda mwanu: madzi, njala, kupweteka, chimbudzi, amayi akubwera. Aloweze mlezi, osati mwana. Pemphani amayi akuphunzitseni nyimbo zimene amagonekera nazo ana kwawo. Mudzaziimba molakwika, adzakusekani, ndipo kusekako ndiko kudzayambitse chibale. Dzina la mwana litchuleni mmene mayi ake amalitchulira. Musamupatse dzina lina poti lakelo likukuvutani lilime. Watayapo kale zambiri. Za chakudya funsaninso, pakuti mwana wa banja lachisilamu sadya zonse zimene mdzukulu wanga amadya.

Ena a inu mudzati tilibe zidole, tilibe mabuku, tidikire azungu abweretse. Bodza. Ku Kingston, m'dziko la Jamaica, m'zaka za m'ma 1980, alangizi a zaumoyo ankayendera ana opinimbira kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri. Sankabweretsa zodula. Ankaonetsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo, ndi zidole zopanga okha. Patatha zaka 20, ana aja atakula ankapeza ndalama zochuluka ndi pafupifupi 25 pa 100 iliyonse kuposa anzawo opinimbira amene sanayenderedwe. Zitsekerero za mabotolo, zisononkho, mpira wa mapepala, dongo, chitini ndi kamtengo: zonsezi zilipo ku Dowa. Chosowa ndi munthu wodziwa chochita nazo. Mawu akuti mmera mpoyamba timawaona pazikwangwani za sukulu za mkombaphala mpaka tinasiya kuwamva, koma ndi oona. Masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwana zaka ziwiri, sabwereranso.

Choncho maphunziro akapezeka, pitani. Kaya ndi a boma kudzera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kaya ndi a bungwe, kaya ndi aja anakonza a WHO ndi UNICEF otchedwa Care for Child Development, pitani. Koma ndikudziwani. Mumapita kumaphunziro kukasaina alawansi, kukadya nkhuku, kukajambulitsa ndi satifiketi. Mumakhala kumbuyo, foni ili m'manja. Tsiku limene mwana adzakomokere m'manja mwanu, satifiketiyo sidzakuuzani chochita. Khalani kutsogolo. Funsani mpaka aphunzitsi atope nanu. Ndipo masabata awiri a m'kalasi sapanga mlezi. Pemphani munthu wodziwa azibwera kudzakuonani mukugwira ntchito, akudzudzuleni pamene mwalakwa. Zimawawa kudzudzulidwa pamaso pa ana. Zimawawa pang'ono poyerekeza ndi zimene ndakuuzani zija.

Pali chinthu china chimene ndinachedwa kuchiona, ndipo ndicho chachikulu. Musanafike inu, ana aja analipo amene ankawalera. M'msasa uliwonse muli mayi amene anzake amamusiyira ana, m'kachipinda kake komweko, pomulipira kandalama kapena kambale ka ufa. Mukadzalowa mudzaona mdima, makanda atagona mothinana, mbaula ili pafupi. Mtima wachinyamata udzati titseke zimenezi. Taimani. Mukatseka, anawo apita kuti?

Zinachitikapo kum'mwera kwa mzinda wa Tel Aviv ku Israel. Anthu a ku Eritrea ndi Sudan opempha chitetezo ankagwira ntchito m'malesitilanti ndi m'mahotela kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Makanda ankawasiya kwa amayi anzawo, mayi mmodzi ana makumimakumi, m'zipinda zopanda mpweya, tsiku lonse ali m'timabedi. Mu 2015 makanda angapo anamwalira motsatizana m'malo oterewa, dziko lonse linagwedezeka. Bungwe lotchedwa Unitaf linali litayamba kale njira ina. Linkatenga amayi omwewo, kuwaphunzitsa, kuwapezera malo abwino, kuchepetsa ana pa mlezi aliyense, n'kuika munthu wodziwa kuti aziyenda nawo pantchitoyo. Silinawachotse. Linawakweza.

Nzeru imeneyo itengeni. Mayi wa ku Bukavu kapena ku Gitega amene akusunga ana a anzake ali ndi zinthu zimene inu simudzakhala nazo: chilankhulo cha anawo, chikhulupiriro cha makolo awo, ndipo usiku amagona komweko. Ena mwa amayi amenewa kwawo anali aphunzitsi, ena anamwino. Nkhondo inawalanda mapepala, sinawalande mutu. Musalowe m'nyumba mwake ngati bwana woyendera. Odirani pakhomo. Mutchuleni kuti Mayi. Yambani mwafunsa mmene amachitira, muyamikire chimene akuchita bwino, kenako muonetseni chimodzi chokha: khanda ligone chagada, botolo asalitsamiritse pansalu mwana n'kumayamwa yekha, mbaula ituluke panja. Chimodzi lero, china sabata yamawa. Maphunziro akabwera, dzina lake likhale pamwamba pa lanu. Ngati pali kandalama ka alezi, limbanani kuti nayenso alandire. Kumuuza munthu wanjala kuti agwire ntchito yongodzipereka, inu mukulandira, ndi kumudyera masuku pamutu. Abambonso musawasiye kunja. Bambo amene kwawo anali ndi munda ndi ulemu, pano wangokhala, mukamupempha kuti akhome timipando kapena aphunzitse ana ng'oma, mwathandiza anthu awiri.

Dziwaninso kuti mayi ameneyo ali ndi mabala ake. Amene anagwiriridwa, amene anaika mwana m'tchire popanda maliro, nthawi zina amangoyang'ana kumwamba khanda likulira pamiyendo pake. Musamuweruze kuti ndi wouma mtima. Musamukumbenso kuti afotokoze zimene anaona. Nkhaniyo waifotokoza kale kwa maofesala ambiri, ndipo si yanu. Akayamba yekha, mvetserani, kenako mulozereni kwa aphungu amene anaphunzira ntchito imeneyo. Inunso mudzatopa. Tsiku limene mwaona kuti dzanja likufuna kumenya, ikani mwana pansi pabwino, itanani mnzanu, tulukani kaye. Khanda musaligwedeze chifukwa cha mkwiyo, ngakhale kamodzi. Ubongo wake ndi wanthete, likhoza kulumala kapena kufa.

Pakamwa ndi foni. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Zimene mwamva m'nyumba ya mlendo zisafike pamjigo. Ndipo inu a masiku ano, chonde, musajambule ana a eni n'kuwaika pa Facebook kuti anzanu akutameni kuti mukutumikira. Anthu ena mwa amenewa akusakidwabe ndi amene anawathamangitsa. Chithunzi chimodzi chikhoza kuulula kumene banja labisala. Mwana musamupereke kwa munthu aliyense wobwera n'kunena kuti ndine amalume ake. Lembani m'kaundula amene ali ndi chilolezo chomutenga. Mukaona zipsera zosamveka, kapena mwana akuopa munthu wina wake, musakambirane pansi pa mtengo kuti zithe. Kauzeni oona za chitetezo cha ana, kapena imbani 116, ndi yaulere. Lamulo lathu la 2010 loteteza ana silifunsa kuti mwanayo ndi wa dziko liti.

Mudzamva anzanu akuti mukuvutikira chiyani ndi maburundi, ana athu omwe akusowa phala. N'zoona, a kwathu akusowa, ndipo midzi yozungulira msasa nayonso ndi yosauka. Luso limene mudzaphunzire kumeneko mudzabwera nalo kumudzi, silidzatsala ku Dzaleka. Ndipo amene tinaona anthu a ku Tete ndi Zambezia akuwoloka malire usiku, mitolo ili pamutu, kenako ena n'kubweranso ku Nsanje kumapeto kwa 2024, tikudziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ntchito imeneyi simudzakhalitsapo, ndikudziwa. Mudzapeza malo kukoleji, mudzakwatiwa, mudzapita ku Lilongwe. Palibe cholakwa. Koma musazembe. Ana amenewa anthu akhala akuwasowera osatsanzika: bambo anatuluka usiku osabwerera, agogo anatsala pamsewu. Inu musakhale winanso. Auzeni kusanathe masiku kuti ndikupita, tsiku lakuti, ndipo amene adzakhale nanu ndi Mayi awa. Mlezi wolowa m'malo mwanu ayambe kubwera mudakalipo, anawo amuzolowere inu mukuona. Lembani m'kabuku zimene mwaphunzira za mwana aliyense: uyu amaopa njinga yamoto, uyu sadya pokhapokha mchemwali wake akhale pambali, uyu akati zii ndiye kuti thupi latentha. Kabukuko musakasiye mu ofesi. Mukapereke m'manja mwa mayi amene akutsala ndi anawo, ndipo mukhale naye pansi muwerengere limodzi, tsamba ndi tsamba, m'chilankhulo chimene iye amamva.